Mzere Wodwala wa Malemu Dokotala Rkia Id Bella

Malemu Dokotala Rkia Id Bella anabadwa pa 1 Januwale 1963, kuno kwathu ku Chtouka, m'nyumba yakale ija ili kuseri kwa mzikiti. Tsikuli ndalitenga pa chitupa chawo. Koma inu akuluakulu mukudziwa kuti theka la mudzi uno linabadwa pa 1 Januwale, chifukwa mlembi wa boma akafunsa tsiku, makolo n'kuyang'anana, ankangolemba limenelo. Mayi athu ankati mwanayo anabwera mbewu ya barele itatsala pang'ono kukololedwa, ndiye mwina unali mwezi wa Epulo.

A Imamu, akuluakulu nonse, ndi inu amayi amene mukumvetsera kuseri kwa nsaluko, ine ndine Moulid, mlongo wamng'ono wa malemu. Abale andisankha kuti ndiwerenge mbiriyi lero, tsiku lachitatu chiwaikireni m'manda. Ndipepeseretu: ine ndine mlimi wa matimati chabe, ndipo zambiri zimene ndalemba papepalali sindikuzimvetsa ngakhale ndazilemba ndekha.

Mu 1970 malemu anayamba sukulu ku Biougra. Anali mtsikana yekhayo wa m'mudzi muno amene ankayenda ulendo umenewo, ndipo bambo athu anavomera mokakamizika. Mu 1981 anapita ku Rabat kukaphunzira zaulimi. Mu 1990 anakwatiwa ndi malemu Si Larbi Oumouss, mphunzitsi wa masamu, munthu wofatsa amene anatisiya mu 2011. Mu 1995 anabwera kuchokera ku Ulaya ndi udokotala.

Tsiku limene anafika, pakhomo pathu panali mzere wa anthu odwala. Tinali titalengeza tokha kuti banja lathu latulutsa dokotala. Azakhali athu anakhala patsogolo, bondo lotupa lili pamtunda. Malemu analiyang'ana bondolo mwaulemu, n'kunena kuti, "Azakhali, bondoli likanakhala muzu wa matimati ndikanakuthandizani lero lomwe. Ine ndine dokotala wa mizu." Azakhali anamwalira patapita zaka khumi asanawakhululukire.

Ntchito ya malemu, mmene ndinaimvera ine, inali yolimbana ndi tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso. Timalowa m'mizu, mizu imatupa timfundo, ndipo mbewu imafota ngakhale muithirire m'mawa ndi madzulo. Ine sindinationepo. Tsiku lina anandiitana ku ofesi kwawo kuti ndisuzumire m'makina okuzira tinthu ting'onoting'ono. Anandifunsa kuti, "Ukutiona tikuyenda?" Ndinayankha kuti eya, koma zoona zake ndinkangoona nsidze zanga.

Nonse mukukumbukira mankhwala aja tinkathira m'nthaka tisanaokere, amene ankatiwawa m'maso ndi kutitsokomoletsa sabata yathunthu. Malemu ankati mankhwalawo amapha choipa ndi chabwino chomwe, ndipo otsala amatsikira m'zitsime zathu. Moyo wawo wonse anautha pofunafuna njira ina. Analemba mapepala makumi anayi ndi atatu, m'Chifalansa ndi m'Chingelezi. Ana awo andionetsa mulu wake. Dzina lawo ndinalizindikira pamwamba pa pepala lililonse, koma zam'katimo musandifunse.

Mu 2014 malemu anapempha gawo lawo la munda umene bambo anatisiyira, uja uli m'mbali mwa msewu wopita ku msika. Anaugawa mizere khumi ndi itatu, ndipo anati adzauyeza zaka khumi osadumphitsa. M'mizere ina ankafunditsa nthaka ndi pulasitiki m'mwezi wa Julayi kuti dzuwa liiphike. M'mizere ina ankabzala maluwa achikasu aja a fungo lamphamvu. M'mizere inanso ankakwirira zotsalira za njere za mtengo wa arigani, zimene timapatsa mbuzi amayi akatha kufinya mafuta. Ine ndinkawathandiza kuthirira, uku ndikudandaula kuti chakudya cha mbuzi chikudyedwa ndi dothi. Chaka chilichonse ankazula mizu, kuwerenga timfundo, n'kulemba m'buku lawo lachikuto chakuda.

Mizere khumi ndi iwiri inayamba kuchira. Koma mzere wa khumi ndi chitatu, wa kumsewu kwenikweni, malemu sankathiramo kanthu. Ankaokeramo matimati chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse matimatiwo ankasanduka achikasu n'kufa anthu onse akuona. A Si M'barek, amene akhala pafupi ndi a Imamu apo, ankaimitsa galimoto yawo pamenepo n'kundikuwira kuti, "Iwe Moulid, odwala a adokotala anuwa adzatuluka liti m'chipatala?" Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa kwambiri.

Ndinawafunsapo malemu kuti bwanji osauchiza mzere umenewu, poti mankhwala ake anali nawo. Anandiyankha kuti, "Moulid, umenewu ndi mboni yanga. Popanda wodwalayu, ndani adzakhulupirire kuti enawa achira chifukwa cha ntchito yanga, osati chifukwa cha nyengo?" Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Zimene ndinatola ine n'zakuti achemwali akuusunga mzerewo kuti adzauchize pomaliza, anthu onse akuonerera, chaka chakhumi chikakwana.

Mu Juni 2023, chaka chakhumicho chitatsala pang'ono kuyamba, malemu anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi. Anawagoneka m'chipatala ku Agadir, ndipo munda anausiya m'manja mwanga pamodzi ndi pepala lofotokoza zoti ndichite m'mzere uliwonse. Pa mzere wa khumi ndi chitatu sanalembepo kanthu. Ndinaganiza kuti matenda awaiwalitsa. Ndinaganizanso kuti si bwino munthu kupita kwa Mwini wake atasiya munda wa bambo ake ukudwala m'mbali mwa msewu. Choncho mu Julayi ndinaufunditsa pulasitiki. Mu Ogasiti ndinakwirira zotsalira za arigani, osaumira. Ndinabzalanso maluwa aja mbali zonse ziwiri. Sindinauze munthu, chifukwa ndinkafuna kuti ikhale mphatso.

Abale anga, mzere umenewo unabereka. Unabereka matimati amene sitinawaonepo pamenepo kuyambira tili ana. A Si M'barek anasiya kuimitsa galimoto.

Pa 11 Febuluwale chaka chino, madokotala atanena kuti palibenso chimene angachite, malemu anapempha kuti tiwatengere kumunda. Tinawanyamula pampando. Ndinayambira dala ku msewu. Ndinazula mtengo umodzi wa matimati n'kuwaikira muzu wake pamiyendo, woyera bwino, timfundo tochepa zedi. Anauyang'anitsitsa. Kenako anafunsa kuti, "Uwu wachokera mzere uti?"

Ndinayankha monyadira kuti wa khumi ndi chitatu.

"Wathiramo chiyani, mwana wa mayi anga?"

Ndinawafotokozera zonse. Anaitanitsa buku lawo lija, n'kuyamba kundipanikiza: tsiku liti, madengu angati, pulasitiki inakhala masabata angati. Analemba zonse. Atatha anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako misozi inayamba kutsika, ndipo anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunena kuti, "Zaka zisanu ndi zinayi ndikuuteteza kwa anthu a mankhwala, osadziwa kuti woopsa ndi wamtima wabwinoyu." Sindinadziwe ngati akundiyamikira kapena akundikalipira. Ndinangoti zikomo.

Malemu anatisiya Lolemba pa 26 Febuluwale 2024, dzuwa litangotuluka, ana awo ali pambali. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi, ngati chitupa chija tingachikhulupirire.

Dzulo Dokotala Abdelhak Ouzid, amene anagwira nawo ntchito zaka makumi awiri, anandikhazika pansi n'kundifotokozera pang'onopang'ono. Akuti kafukufukuyu ndi amene akanakhutiritsa akuluakulu a zaulimi kuti alangize alimi onse a chigwa chino kusiya mankhwala aja. Akuti ankafunika zaka khumi zathunthu, chaka chilichonse mizere yochira ikuyerekezedwa ndi mzere wosathira kanthu. Chaka chakhumi ndiye ndinachiza mzerewo ine. Ndinawafunsa ngati matimati abwinowo si umboni woti njirayo imagwira ntchito. Anati ayi. Ndinafunsa ngati ndiye kuti njirayo siigwira ntchito. Anatinso ayi. Apa mutu wanga unaima, ndipo mpaka pano sunayambenso kuyenda.

Chimene ndamva n'chakuti ntchito ya achemwali anga siinafe, koma siinathenso. Akuti tinyongolotsi tija tikachulukananso m'mzeremo, mwina pakatha zaka zitatu, chaka chosowacho chikhoza kuyezedwa ndipo bukulo likhoza kutsekedwa. Anandionetsa tsamba lomaliza. Malemu analembapo m'Chiarabu, kuti ine ndithe kuwerenga: "Mzere wa 13 ausunge Moulid. Aziokera, azithirira, asathiremo kanthu. Amaukonda kuposa tonse." Chifukwa chimene anasankhira munthu yemweyo amene anauwononga, Mulungu yekha ndiye akudziwa.

Malemu asiya ana awiri, Soufiane ndi Hasna, zidzukulu zitatu, ndi ine mlongo wawo. M'malo mwa banja ndikuthokoza a Imamu ndi onse amene awerenga Qur'an masiku atatuwa, amayi amene anasambitsa thupi, amuna amene anakumba manda m'nthaka youma ija, anamwino a ku Agadir, anansi amene atiphikira chakudya cha kusikusi kuti pakhomo pa maliro pano pasayake moto wophikira, monga mwa mwambo wathu, ndi anzawo a ntchito amene abwera kuchokera kutali. Mulungu akubwezereni zabwino.

Pempho langa ndi limodzi. Mukamadutsa pa msewu wa ku msika zaka zikubwerazi, mudzaona matimati akufota m'mzere wa kumapeto. Chonde musathiremo manyowa, musandibweretsere mankhwala, ndipo musandimvere chisoni. A Si M'barek, inu muyambirenso kuimitsa galimoto yanu ndi kundiseka, chifukwa tsiku limene mudzandiseke ndidzadziwa kuti zinthu zikuyenda bwino.

Tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Awakhululukire achemwali anga, awakulitsire manda awo, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere. Ine anditsalira ntchito imene palibe mlimi anaipemphererapo: m'mawa uliwonse ndizipita kumunda wa bambo anga kukaona ngati wayamba kudwala.