Gudumu la Pampu ndi Mchenga wa ku Misuku

Bwana anaponya gudumu la pampu patebulo, nati, "Msukwa, latsopano lija wagulitsa kuti?"

Moni abale mwa Ambuye. Ine sindine wa mawu ambiri. Ndinena mmene zinakhalira.

Ndinkayang'anira pampu pamalo otsukira khofi ku Misuku, kumunsi kwa nkhalango ya Mughese. M'kati mwa pampu muli gudumu lachitsulo la mapiko, ndilo limakankha madzi. Chaka chimenecho linatha katatu. Ndikaika latsopano, pakangopita miyezi iwiri ladyeka ngati lagwira zaka khumi. Bwana, munthu wa kumwera, anaganiza kuti atsopanowo ndimawolotsera ku Tanzania n'kubwezeramo akale. Masiku amenewo a chipani chimodzi, mawu oti "amapita ku Tanzania" ankasowetsa munthu. Anandipatsa mpaka Lolemba. Ndikapanda kuulula, nkhani ipita kwa achipani.

Choulula ndinalibe. Anzanga anasiya kundipatsa moni. Mkazi wanga anachapa bulangete loti ndipite nalo kundende. Loweruka ndinagwada pambali pa pampu, ndinati, "Ambuye, inu mukudziwa." Pemphero lonse linali lomwelo.

Lamlungu kutchalitchi kunabwera mlendo, a Silungwe a ku Kaseye. Ankaphunzira kunja kwa dziko, anabwera kudzaona apongozi. Atamva akulu a mpingo akundipempherera, anapempha kuona gudumulo. Analitembenuza, analisisita ndi chala.

"Dada, ili si lakale," anatero. "Ladyedwa."

Anandifotokozera ntchito yawo. Kumeneko ali ndi makina otchedwa kompyuta, ine ndinali ndisanawaonepo. Amawauza kulimba kwa chitsulo, liwiro la tinthu tosaoneka ndi maso, ndi mbali imene tinthuto tikumenyera chitsulocho. Makinawo amatsata kumenya kulikonse, kamodzikamodzi, mpaka aonetse pomwe chitsulo chidzakumbike. Anati tinthu tawoto ndi tochepa kuposa fumbi, koma pali chofanana: chomenya chopendekeka chimasiya timizere ngati mafunde, mbali imodzi. Gudumu langa linali ndi timizere totero.

"Paipi yokokera madzi munaisuntha?" anandifunsa.

Inde tinaisuntha. Chilimwe madzi atachepa, bwana yemweyo analamula kuti tiitsitsire pakuya, pokhota mtsinje. Pamenepo ndi pamene pamazungulira mchenga wokokoloka m'minda. Mchengawo ndiwo unkalowa m'pampu n'kumadya gudumu.

Lolemba a Silungwe anabwera nane. Anatunga madzi m'botolo pakamwa pa paipi, naliimika patebulo la bwana. M'chikwama anatulutsa mapepala a kompyuta okhala ndi zithunzi za timizere, nawayala pambali pa gudumu. Tinadikira. Mchenga unakhazikika pansi pa botolo, muyezo wa chala.

Mulungu ndimuyamika. Anandikonzera mboni kutali kumene ine sindidzafikako, naibweretsa tsiku lake lenileni. Inu amene mukunamiziridwa, musavomere bodza chifukwa cha mantha. Pirirani, ngakhale pemphero lanu likhale la mawu atatu. Bwana uja sindimusungira chakukhosi. Nayenso anali ndi akuluakulu omufunsa, ndipo ankawaopa monga ine ndinkamuopera iye.

Tsikulo bwana anayang'anitsitsa botolo lija. Kenako anati, "A Msukwa, paipi ija mwina tiikweze." Aka kanali koyamba kundiitana ndi ulemu.

Ndinanyamula sipanala yanga. Ndinatuluka, kulowera kumtsinje kukakweza paipi.