Mbasela ya Mvuu Zanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndimagulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, ndipo amene munagulapo kwa ine mukudziwa kuti pa mtengo sindigonja. Ndikufuna ndikuuzeni mmene kuchenjera komweku kunatsala pang'ono kusiya mkazi wanga m'mdima.

Zaka zapitazo mlendo wina wakunja anagula mvuu zanga zonse zikuluzikulu, n'kunena kuti alipira ndi ndalama za pafoni zija amati kiripito. Anandionetsa mitundu iwiri. Woyamba kaundula wake ndi wapoyera, aliyense amaona kumene ndalama yachokera ndi kumene yapita. Wachiwiri umabisa zonse, ngakhale boma silingaone. Pa woyamba ankandipatsa kachidutswa chabe, pa wachiwiri makobili mulu. Ine katswiri ndinasankha mulu. Kenako, mwa chizolowezi chathu cha pamsika, ndinati, "Bwana, nanga mbasela?" Anaseka, nandiponyera kanyenyeswa ka woyamba uja. Ndinakaiwala tsiku lomwelo.

Ndiye Ba Mutinta, mayi wa ana anga, anachita ng'ala maso onse awiri, mpaka ankandizindikira ndi mawu okha. Dokotala anati opaleshoni isachedwe. Ine mtima phee, mulu ulipo. Sindinadziwe kuti maboma akunja anali atakhwimitsa malamulo pa ndalama zobisa, ndipo misika ikuluikulu inaleka kuzigula. Mtengo unagwa ngati mango owola. Ndinayesa nzeru yanga yakale, kuchokapo ngati sindikufuna kugulitsa, kuti wogula andiitane. Foni siitana munthu, abale.

Ndinagwada kuseri kwa ziboliboli. Kwa nthawi yoyamba sindinanenerere ndi Mulungu, ndinangoti, "Atate, mtengo ndi wanu."

Lamlungu kutchalitchi, ku komboni yathu ya Linda, ndinadandaulira Ba Namakau, mayi wa m'kwaya yathu amene ali ndi kabuthi kotumizira ndalama. Anasuzumira m'foni mwanga nthawi yaitali.

"Ba Phiri, aka ni kachani?"

"Ni mbasela chabe."

"Mbasela yanu yakula kupambana imwe."

Anandifotokozera kuti maboma omwe aja, poona kuti kaundula wa woyamba ndi wapoyera, analola makampani akuluakulu kuugula, mtengo n'kukwera kangapo. Lamulo la anthu amene sadziwa n'komwe kuti ku Linda kuli ine linandigwetsa ndi dzanja limodzi, lina n'kundidzutsa. Amene anaika mawu opempha mbasela aja pakamwa panga zaka zonsezo ng'ala isanabwere, ndani?

Kanyenyeswa kaja kanalipira maso onse awiri. Musathamangire kiripito chifukwa cha ine, mulu wanga ukadali wa chabechabe. Koma inu amene muli m'mdima, limbikirani kupemphera, Iye amakonza njira vuto lisanabadwe. Ulemerero ukhale kwa Iye.

Dokotala atamasula mabandeji, Ba Mutinta anandiyang'anitsitsa, nati, "A tate wa ana, imvi zonsezi zinabwera liti?"