Mayi Dikirani Sitiwaika Mothamanga

Malemu anabadwa pa 9 Meyi, 1952, m'banja la ana asanu, iwo ali achitatu. Bambo awo anali kalipentala, mayi awo ankagulitsa zovala pamsika. Dzina limene makolo anawapatsa lalembedwa pabokosipo, koma ambiri mwa inu munkawadziwa kuti Mayi Dikirani, ndipo m'mbiri ino tiwatchula choncho.

Tisanapitirire, banja lati tinene poyera kuti mbiriyi tiiwerenga yonse. Dzulo kunabwera anthu kudzapempha kuti tiidule, mwambo uthe msanga, kuti akaonere mpikisano wa masana ano pakanema. Yankho la banja lili kumapeto. Amene mukulifuna mudikira.

Malemu anayamba sukulu mu 1959. Sukuluyo inali kutali, ndipo ankapita limodzi ndi akulu awo, amene akhala pafupi ndi bokosiwa ndodo ili pamwendo. Akulu awowa akukumbukira kuti mng'ono wawo sankatha kuyenda. Ankangothamanga, n'kukafika pageti belu lisanalire, koma osalowa. Ankakhala pansi kudikira akulu awo, kenaka onse awiri n'kukwapulidwa limodzi chifukwa chochedwa. Aphunzitsi anayesa kuwalangiza kuti azingolowa, koma anatopa okha.

Mu 1967 anasankhidwa kupita kusekondale, kumene anatchuka ndi kuthamanga mtunda wautali, opanda nsapato. Mu 1970 anaitanidwa ku mpikisano wa pamsewu wosankha anthu okaimira dziko ku masewera aakulu aja, amene mayiko amakumana pakapita zaka zinayi, othamanga, osambira, ankhonya ndi ena onse pamodzi. Malemu anali m'gulu lotsogola pamene anaponda botolo losweka. Anakhala m'mbali mwa msewu, anang'amba mpendero wa diresi, anamanga phazi, n'kudzuka. Anzawo onse anawapitirira. Iwo anapitabe, motsimphina, magazi akudontha.

Atalowa m'bwalo, anapeza chingwe chomalizira chachotsedwa. Mabenchi anali kukwezedwa mulole. Akuluakulu a pathebulo anali atapita kukadya ndi mlendo wolemekezeka. Munatsala munthu mmodzi, mphunzitsi wina amene anauzidwa kuti asunge ndowa ya madzi mpaka womaliza atafika, ndipo iye anamva mawuwo monga momwe ananenedwera. Anaika kapu pansi n'kuomba m'manja. Malemu ankati munthu mmodzi akamaomba m'manja m'bwalo lopanda anthu zimamveka ngati akupha udzudzu, koma iwo sanamvepo nyimbo yoposa imeneyo. M'mawa mwake akuluakulu aja analengeza kuti malemu sanamalize mpikisano. Nkhani imeneyi sanaikhululukire mpaka tsiku lomwalira. Ikatchulidwa ankangoti, “Ine ndinamaliza. Osamaliza ndi iwo.”

Phazi linapola, koma liwiro silinabwerere. Mu 1973 anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ndowa uja, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi. Wachiwiri anatsogola ali wakhanda. Mu 1975 anaphunzira kusoka, n'kuyamba ntchito pafakitale yosoka mayunifolomu, kumene anakhala mpaka 1986. Chaka chimenecho anatsegula shopu yawoyawo kumaso kwa nyumba: chipinda chimodzi, makina awiri, thebulo lodulirapo nsalu, ndi galasi long'aluka pakona limene anakana kulitaya poti silinanamizepo munthu. Ambiri muli pano munakwatira, munakwatiwa, kapena munayamba ntchito mutavala zochokera m'manja mwawo.

Pashelefu ya ulusi pankakhala wailesi. Masewera aakulu akayamba, makina ankatsika liwu, anthu n'kumaima pazenera. Mu 2001 ana anawagulira kanema, ndipo kuyambira pamenepo shopu ija inkasanduka bwalo. Nsalu zinkakwera pamwamba pa kabati, mabenchi n'kulowa. Sanabwezepo munthu pakhomo. Ometa a pafupi ankasiya mutu wa munthu uli theka, a dalaivala ankaimika minibasi, abutchala ankabwera epuloni ikadali pamimba. Lamulo linali limodzi lokha: mpikisano ukayamba, palibe kudzuka, palibe kusuntha benchi, mpaka womaliza atadutsa mzere. Wina akayamba kutambasula miyendo wopambana atangofika, malemu ankagogoda thebulo ndi sizasi n'kunena kuti, “Dikirani, wina akadali m'njira.” Dzina lija linachokera pamenepo.

Masewerawa ankawakonda kwambiri, ndipo maganizo awo sankabisa. Ankasangalala ndi osambira, chonsecho iwo sanalowepo m'madzi opitirira m'mawondo. Atsikana onyamula zitsulo ankawatcha apongozi awo, n'kumauza mwana wawo wamwamuna kuti akadakhala ndi nzeru akadafunsira kumeneko. Ana ogudubuzika m'malere ankawaonera dzanja lili kumaso, akufunsa kuti amayi awo ali kuti. Masewera onse amene wopambana amasankhidwa ndi anthu okhala pathebulo sankawakhulupirira. Ankati anthu a pathebulo akuwadziwa bwino, njala ikawagwira saona.

Tsiku lotsegulira, magulu a mayiko akamadutsa ndi mbendera, iwo ankaona ndi maso a telala. Gulu lathu likatulukira, ankaloza kuti akuluakulu operekeza achuluka kuposa ochita masewera, ndipo masuti a akuluakuluwo akhala bwino m'mapewa, pamene mwana wonyamula mbendera jekete lamumeza. Chaka china anaona pini pakabudula wa wothamanga wathu, kanema asanamuyandikire n'komwe, ndipo nkhani ya pini imeneyo inatha mwezi. Koma amene ankawapsetsa mtima kwenikweni ndi ojambula. Wopambana akangofika, iwo amamutsatira akudzikulunga mbendera, kenaka n'kuika malonda a sopo, mwana wa eni akadali kulimbana ndi mpweya kumbuyo. Apo malemu ankaikalipira kanema ngati mwana wakuba shuga.

Ndi oonera anzawo ankakangananso. Tsiku lina wothamanga wathu atafika pambuyo pa anzake onse, ometa anati kukwera ndege ulendo wonsewo kuti ukakhale womaliza, bola akadatuma iwo. Malemu anayankha osakweza mutu pamakina kuti, “Inu achimwene, chipewa chanu chitauluka ndi mphepo dzana munachisiyira ana, inu mutagwira pamtima.” Shopu yonse inaseka, ometa nawo anaseka, ndipo mawa lake anabweranso. Umu ndi momwe zinkakhalira, ndipo malemu ankakondwa nazo. Ankati kuonera wekha kuli ngati kudya uli chiimire.

Matenda anayamba chaka chatha mu Okutobala. Miyendo inayamba kutupa, mpweya n'kumachepa. Kuchipatala anati ndi mtima. Anagonekedwa mu Januwale, anagonekedwanso mu Juni, kenaka madokotala anati ndi bwino akapumulire kunyumba. Masewera a chaka chino atayandikira, banja linaganiza zoti shopu ikhale yotseka. Malemu anakana. Anati tsegulani, anthuwo alibe kwina, ndipo ine phokoso lawo ndi mankhwala.

Apa banja lati tinene zinthu monga momwe zinachitikira. Pakati pa shopu ndi chipinda chimene malemu anagona pali khoma limodzi ndi chitseko. Chiyambireni masewera, shopu yakhala ikudzaza tsiku ndi tsiku. Amene anatsegula chitseko chija kuti aone odwala akudzidziwa okha, ndipo sangadzaze benchi imodzi. Ena ankafunsa ali pakhomo kuti mayi adzuka bwanji, maso ali kale pakanema, yankho osalimva. Wina anatumiza uthenga wopempha mpando umene malemu ankatsamira, poti unkangokhala. Malemu anaupereka. Ankagona chagada kumvetsera kukhoma, ndipo ankadziwa amene akutsogola pongomva mawu a abutchala.

Lamlungu lapitali, mnyamata wa dziko lathu anathamanga mtunda wautali wozungulira bwalo. Anzake anamupitirira, ena anamuzunguliranso, ndipo onse atamaliza iye anatsala yekha. Mwamwayi tsiku limenelo ojambula sanamuchotse pakanema. M'shopu munabuka phwete. Ena anamutcha kamba, ena anati akufunafuna njira ya kwawo. Mabenchi anayamba kukokedwa, anthu akudzuka. Malemu anamva zonsezo. Munthu amene ankachita kunyamulidwa popita kubafa anadzuka yekha, anagwira khoma, anatsegula chitseko, n'kuima pamenepo nsalu ili pachifuwa. Sizasi analibe, mawu analinso ochepa. Anangoti, “Dikirani.” Anthu anakhala pansi. Iwo anaima chiimire mpaka mnyamata uja atadutsa mzere, anaomba m'manja, kenaka anagwidwa kubwerera pabedi. Kumeneko kunali kuima kwawo komaliza. Anatisiya Lachitatu m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu. Banja silikunena kuti chinawapha ndi kuseka kwanu. Dokotala wati ndi mtima, ndipo ife sitimutsutsa. Tangonena zimene zinachitika.

Dzulo, thupi lili m'nyumba, kunabwera nthumwi zitatu: ometa, a dalaivala ndi abutchala. Anapepesa mwaulemu, ndipo tikuvomereza kuti misozi yawo inali yeniyeni. Kenaka anatula chimene anadzera. Masana ano kuli mpikisano wa amayi wa pamsewu, ndipo mukuthamanga mtsikana wa dziko lathu. Choncho anapempha kuti abusa afupikitse ulaliki, mbiri idulidwe, bokosi likwere minibasi mipando itachotsedwa, ndiponso kuti okalamba atsale pakhomo chifukwa achedwetsa ulendo. Anatchula ndithu akulu awo a malemu, kuti ndi mawondo awo aja tikafika kumanda dzuwa litapendeka. Pomaliza anati malemu akadakonda zimenezi.

Mawu omalizawa ndi amene apweteka banja. N'zoona kuti malemu ankaudikira mpikisano umenewu kuposa wina uliwonse. Ndi mtunda wawo, ndi umene anaukhetsera magazi, ndipo mtsikanayo ankamutcha mdzukulu wawo ngakhale sanaonanepo. Koma anthu amene mwakhala m'shopu mwawo zaka zonsezi, kumva sizasi ikugogoda thebulo, simunamvebe chimene ankanena? Mu 1970 anthu a njala ya chakudya anachotsa chingwe iwo asanafike. Lero anthu a njala ya kanema mukufuna kuchita chimodzimodzi, ndipo mukuti mukuwalemekeza. Aja anali alendo, sankawadziwa. Inu munavala malaya awo.

Yankho la banja nali. Abusa alalikira monga anakonzera. Bokosi lipita pamapewa. Kutsogolo kwa ulendo kukhala akulu awo a malemu ndi ndodo yawo, ndipo liwiro lawo ndilo liwiro lathu tonse. Akaima kuti apume, tonse tiima. Mng'ono wawo ankawadikira pageti la sukulu n'kukwapulidwa nawo, lero sawasiya pakhomo. Kumanda palibe achoke mpaka dothi lomaliza litathiridwa. Amene mukuona kuti simukwanitsa, geti ndi lotsegula, tulukani tsopano nyimbo isanayambe. Palibe akutukwaneni, palibenso akulondoleni. Chimene sitilola ndi kuzemba mmodzimmodzi pakati pa mwambo, foni ili kukhutu.

Tikabwerako, shopu itsegulidwa ndipo kanema iyatsidwa, chifukwa malemu sanabwezepo munthu ndipo ife sitiyamba lero. Opambana adzakhala atalandira kale mamendulo awo. Amenewo malemu sankawadera nkhawa, ankati owaombera m'manja ali nawo ambiri. Tidzafunsa za mtsikana wathu. Ngati wamaliza, kaya woyamba kaya womaliza, tidzamuombera m'manja m'malo mwa agogo ake.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, akulu awo, ndi mlongo wawo mmodzi amene walephera kufika chifukwa cha matenda. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi amayi a kumpingo amene sanatope kubwera, mayi ogulitsa tomato amene ankadutsa pakati pa oonera n'kukatsegula chitseko chija tsiku lililonse, ndi mayi amene ankasoka nawo, amene amaliza okha zovala zonse zimene malemu anasiya zitadulidwa. Tikuthokoza okumba manda ndi onse amene mwagona pano. Tikuthokozanso ometa, a dalaivala ndi abutchala, chifukwa mabenchi amene mwakhalirawo anyamula ndi iwo, ndipo tikuona kuti mpaka pano sanadzuke.

Mayi Dikirani, mwamaliza. Chingwe sitinachotse, ndipo wa ndowa uja akadali pomwe munamupeza. Mzimu wanu uuse mumtendere.