Nkhosa Yotsimphina ku Silo

Pa mzere wa opereka nsembe ku chihema cha Mulungu ku Silo, Abidani anatsitsa nkhosa yake paphewa, n'kuona kuti ikutsimphina. Mayi wina wa ku Sidoni, amene ankagulitsa nkhuyu pambali pa mzerewo, anali ataiona kale.

"Bambo inu, nkhosa yanuyo ikuvina gule wanji?"

"Yabinya mwendo m'miyala, mayi. Yotere kuno salandira."

"Kwanu n'kutali?"

"Ulendo wa masiku atatu."

"Ndiye ibwezereni paphewa msanga! Wansembe akadziwa bwanji kuti imatsimphina ili m'mwamba?"

"Wansembe ndingamupusitse. Nanga Mwini chihemacho? Ndi woyera amene uja, mayi. Tinapangana naye kuti tizimupatsa zopanda chilema."

"Inuyo ndinu wopanda chilema? Mano atsala awiri okha m'kamwamo!"

"Nkhani yake ndi imeneyo. Makolo athu anakawatola ku Iguputo ali akapolo, matope m'miyendo, zipsera kumsana, n'kunena kuti ndinu anga. Sanawayang'ane mano. Ndiye ine ndimunamize chifukwa cha mwendo wa nkhosa?"

"Aa, mukutulukadi pa mzere? Kutsogolo kwanu kwatsala anthu anayi okha!"

"Ndikatenge ina. Akazi anga akandikalipira, koma ndikapirira."

"Masiku atatu kupita, atatu kubwera, popanda wokukwapulani! Iii, kuli Mulungu kuno. Tengani nkhuyuzi, muzidya m'njira. Mulungu wanga wosemayo ali m'thumba umu, pansi pa anyezi. Zaka makumi awiri ndikumupatsa nkhuyu zoola, sanatsokomoleko n'komwe."