Gitala Yakhumi ndi Chitatu

Lachinayi lina m'mawa, patatha masabata atatu chigulireni gitala yawo yakhumi ndi chitatu, ndiponso patatha chaka chathunthu chilumbirireni pamaso pa akazi awo kuti yakhumi ndi chiwiri ija inali yotsiriza, bambo ena opuma pa ntchito ya ku positi, amene anzawo ankangowatchula kuti a Nsambo, analowa m'shopu ya alamu awo a ukalipentala akuyenda monyadira ngati mkwati. Gitalayo inali yamagetsi, yamtundu uja wokhala ndi mphako m'mbali zonse ziwiri ndi thabwa lolimba pakati. Anaifunafuna zaka makumi awiri asanaipeze kwa mwini wake wachitatu, ndipo anakaibisa m'shopumo chifukwa mayi a kunyumba anali atanena, mosakweza mawu n'komwe, kuti ikadzalowa ina iwo adzatuluka.

"Alamu, lero ndabwera kudzaona kamwana kanga," anatero a Nsambo akutikita manja. "Mwakasamala?"

"Munati ndiisamale monga ndimasamalira katundu aliyense wolowa muno," anayankha mmisiriyo, amene anali mlongo wake wa mayi aja. "Ndatero."

"Ndinu munthu, alamu."

Pa tebulo logwirirapo ntchito panali chinthu chofunditsidwa nsalu, ndipo maonekedwe ake sanali okayikitsa. A Nsambo anakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana nacho, n'kutsinzina.

"Musavundukule. Gitala yakale saiona mothamanga. Ine ndimayamba ndaikumbukira ndili chitsinzinire, mbali ndi mbali, mpaka mtima utakhuta. Maso amadya pomaliza."

"Komatu alamu..."

"Khalani pansi mumvere. Tiyambe ndi vanishi. Munaiona ming'alu ija, yopyapyala ngati ulusi wa kangaude? Zaka makumi asanu za kutentha ndi kuzizira ndi zimene zinalemba zimenezo. Palibe fakitale ingazipange."

"Ndinaiona. Inandivuta kwabasi."

"Imavuta aliyense. Imagwira mtima."

"Ine inanditopetsa phewa. Masiku awiri a sandipepa."

A Nsambo anatsegula diso limodzi, n'kulitsekanso. Kenako anaseka mpaka mpando unagwedera.

"Ha, inu a banja limeneli. Mlongo wanu nayenso amanena nthabwala nkhope ili gwa."

"Pano ikusalala ngati tsaya la khanda," anatero mmisiriyo mokondwa.

"Eya, eya, pitirizani. Nanga paja pamene mkono wa woimba woyamba unkakhula mpaka utoto kutha? Munthu ameneyo anamwalira kalekale, koma mkono wake ukuonekabe. Ndikamapaganizira tsitsi limandiimirira."

"Napo ndinapaona. Ndapaka."

"Mwapaka chiyani?"

"Penti inatsala nditamaliza kabati ya a dokotala a mano. Yobiriwira."

"Gitala ija ndi yofiirira ngati uchi."

"N'chifukwa chake ndapaka yonse. Mbali imodzi ikanasiyana ndi inzake, anthu akanati kalipentala wake ndi waulesi. Ndabwereza katatu."

"Katatu," anatero a Nsambo akupukuta misozi ya kuseka. "Alamu, mukadzasiya matabwa mudzayambe zisudzo. Palibe munthu pansi pano angapake gitala yotero penti ya kabati."

"Ndi zoona, ambiri sakanaganiza n'komwe. Zikomo."

A Nsambo anaweramira kutsogolo, akadali chitsinzinire, n'kujambula m'malere ndi chala.

"Tsono tifike pa mabowo awiri aja a pamimba, okhota ngati khosi la tsekwe. Pamenepo m'pamene mawu amapumira. Ukaikapo mphuno umamva fungo la fodya wakale, la maholo ovinira, la mvula imene inagwa tili ana."

"Nane ndinanunkhiza."

"Mwaona? Nanunso zinakukhudzani."

"Zinandikhudza. Ndinathiramo mankhwala a chiswe ndisanatseke."

"Musanatseke bokosi lake?"

"Mabowo. Amene anawaboolayo dzanja linkamunjenjemera, palibe limodzi lowongoka. Ndinaganiza zowawongola ndi sowo, koma ndinaona kuti kutseka kuli bwino. Mphemvu."

"Munali mphemvu?"

"Ayi. Koma zikanalowa."

Kuseka kwa a Nsambo kunachepa pang'ono, monga wailesi ikamatha mabatire, koma sanalole kugonja.

"Chabwino, tinene kuti mwatseka. Chotseka chimatsekulidwa. Chachikulu ndi mphako. Gitala yamtundu umenewu moyo wake uli m'mphako, alamu. Ukaigogoda imakuyankha."

"Inandiyankha nane, ndipo ndinachita manyazi m'malo mwa amene anakugulitsani. Zaka makumi atatu ndili pa ntchito ino. Thabwa likayankha ndiye kuti m'kati muli vuto."

"Ndiye?"

"Utuchi ndi guluu. Ndinathira pang'onopang'ono, n'kumatsindira ndi kamtengo mpaka kudzaza. Pano mukagogoda, zii." Mmisiriyo analoza chikwangwani chakale chimene chinali pamwamba pa khomo. "Lamulo la bambo athu lija mukulidziwa. Muno simutuluka chinthu chobowoka."

A Nsambo sanatsegule maso, koma tsopano chifukwa chake chinali china.

"Timabatani tinayi tokwezera mawu," anatero ndi mawu otsika.

"Tinali titaperepeseka. Ndaikapo zogwirira za madilowa, zamkuwa. Munthu amagwira ndi dzanja lonse."

"Nanga nsambo zake?"

"Apo ndiye anakupusitsani poyera. Zisanu ndi imodzi, koma palibe yofanana ndi inzake: iyi yonenepa, iyo yowonda ngati tsitsi. Ndamangapo waya wamtundu umodzi. Sadzaduka inu muli moyo."

"Alamu, ndifunse funso limodzi, ndipo mundiyankhe ngati mbale. Kodi imalira?"

Mmisiriyo anaganiza kaye, pakuti sankakonda kunama.

"Ikagwa pansi, kwambiri. Inandiphonya chala dzana. Ikulemera ngati chitseko chabwino."

A Nsambo anapuma mozama, n'kuwongola kolala ya malaya awo.

"Zaka makumi awiri," anatero. "Koma munthu asamaiwale zimene zatsala. Banja langa lilipo. Mlongo wanu sakudziwa kanthu."

"Akudziwa."

"Ndinati musawauze."

"Sindinawauze. Anabwera kudzatenga mpando wawo, anaiona, anafunsa kuti ndi ya yani. Munati ndisawauze, simunati ndisawayankhe."

"Ndiye kuti panopa akulongedza masutikesi."

"Ayi ndithu. Anakhwatcha waya ndi chala, sipanamveke kanthu. Anakhwatchanso mwamphamvu, zii. Ndiye anamwetulira, kumwetulira kumene ndinakuona komaliza tsiku la ukwati wanu. Akuti iyi ilowe m'nyumba. Akuti ikhale pabalaza."

A Nsambo anadzambatuka, maso akadali otseka, n'kugunda chitini cha misomali ndi bondo.

"Pabalaza? Ananena okha, ndi pakamwa pawo?"

"Pafupi ndi wotchi."

"Alamu, zaka makumi anayi tili m'banja, gitala yanga sinapondepo pabalaza. Magitala onse amakhala m'mabokosi awo, pansi pa bedi ndi pamwamba pa wadiropu, ngati akaidi." Anayamba kuseka kachiwiri, ndipo ulendo uno kuseka kwake kunali kwa munthu amene wapulumuka pa ngozi. "Taonani mmene zinthu zimayendera. Ndataya imodzi, ndapeza mkazi. Khumi ndi awiri enawo ali m'tulo, athanzi, ndi ming'alu yawo yonse. Alendo akamabwera ndizidzati, iyi ndi ya kuona, zoimba zili kuchipinda. Ndine munthu wamwayi. Bwerani kuno ndikugwireni chanza."

"Ndimadziwa kuti mukondwera," anatero mmisiriyo akupereka dzanja lodzaza guluu.

"Tsopano mtima wakhuta. Ndione kabati yanga yobiriwira."

Anatsegula maso, n'kugwira nsonga ya nsalu ndi zala ziwiri, n'kuikoka mwaulemu.

Pa tebulopo panagona gitala yofiira. Theka la mimba yake linali litayera ndi sandipepa, bowo limodzi linali litamatidwa kale, ndipo pa linzakelo panali pepala lopindidwa ngati fanulo, utuchi uli pakamwa. A Nsambo anaidziwa monga munthu amadziwira mwana wake pagulu: inali gitala yawo yoyamba, imene anagula asanakwatire.

"Alamu, iyi si gitala ija."

"Ayi, ija ikuuma kuseri."

"Iyi ndi yofiira yanga. Imakhala pansi pa bedi."

"Bokosi lake likadali komweko. Achemwali akumabweretsa imodzi imodzi, mabokosi n'kumawasiya otseka bwinobwino, kuti mudzadabwe pa tsiku lanu lobadwa. Mwa khumi ndi awiri aja, iyi ndi yachinayi."

A Nsambo, amene anali asanathamangepo chichokereni ku positi, anathamanga mpaka kwawo chipewa chili m'manja, ndipo dzuwa lisanapendeke magitala asanu ndi atatu otsalawo anali atasamukira kwa msuweni wawo wina amene sadziwa kugwira ngakhale hamala.