Matuza a Munsi

Pamzere wa kuchigayo cha mpunga ku Nkhotakota, mayi wina ankangoyang'ana bambo yekhayo pakati pa azimayi.

"Bambo, matipate afika mpaka kuchigayo? Akunyumba ali kuti?"

"Tinawaika m'manda mwezi wa Ramazani wathawu."

"Pepani, sindimadziwa. Nanga ana?"

"Apongozi anabwera dzulo kuchokera ku Chia kudzawatenga, ati mwamuna sangadyetse ana. Ndinati ayambe adya kaye. Ndinawaikira chigwada chotendera."

"Chophika ndani?"

"Nawonso anafunsa zomwezo! Atangolawa, amvekere, 'Mwakwatira kale eti? Atuluke mkaziyo!' Ine ndinangowaonetsa manja. Onani matuzawa, a munsi okhaokha."

"Ndiye ana apita?"

"Apita kusukulu, mayi! Apongozi akwera matola okha m'mawa uno, atapempha chigwada chotsalacho."