Buku la a Tsimikizani

Aphunzitsiwa ophunzira a pa yunivesite anawatcha a Tsimikizani, chifukwa nyimbo yawo m'kalasi inali imodzi: makina olemba okha aja amati AI mugwiritse ntchito ngati mwafuna, koma munene kuti mwatero, ndipo chilichonse chimene akuuzani mukachione ndi maso anu. Komatu bambowa anali ndi bala lawo. Buku limene ankalemba, la kukokoloka kwa nthaka, linaima pa mutu wachitatu kalekale, ndipo aliyense wolitchula ankamuona ngati wawaponda chala dala.

Tsiku lomaliza kulandira asayimenti, akuti azikhoma ofesi, munalowa mtsikana wa mpando wakutsogolo, uja amalemba m'kope ngakhale aphunzitsi akangotsokomola. Ntchito yake inali isanafike, ndipo kupanda kufika lero, chaka chinali chobwereza.

"Ika pamulupo," anatero a Tsimikizani, akufufuza makiyi m'thumba.

"Sindinamalize, aphunzitsi. Ndabwera kudzabwereka buku."

"Muno si mu laibulale."

"Ku laibulale ndachokako."

"Iwe, sabata yonseyi umatani?"

"Ndimatsimikiza."

"Kutsimikiza chiyani?"

"Zimene makina anandiuza. Ananditchulira mabuku angapo. Onse ndawagwira ndi manja angawa, kupatula limodzi."

"Ndiye lisiye limodzilo."

"Munati chilichonse."

A Tsimikizani anagwira pachipumi. Anaterodi. Analemba pa bolodi, n'kudula mzere kunsi kwake mpaka choko kuthyoka.

"Ndinkanena chilichonse chimene chilipo."

"Eya, n'chifukwa chake ndikufuna ndione ngati lilipo. Amayi a ku laibulale anakwera makwerero mpaka shelefu yapamwamba. Anatsika ndi chimfine."

"Tamvera kuno. Makina amenewa amanama osaphethira. Amapeka buku, n'kulipekera chaka, n'kulipekeranso mlembi."

"Ndiye ndinayamba kufunafuna mlembiyo."

"Wataya nthawi. Kulibe munthu wotero."

"Alipo, aphunzitsi."

"Ndikuti kulibe. Za nthaka ndinayamba kuphunzitsa iwe usanabadwe. Olemba onse ndimawadziwa."

"Ameneyu mukumudziwadi."

"Aa, iwe. Wamuona?"

"Ndamuona."

"Kuti?"

Mtsikanayo anayang'ana magalasi awo, dazi lawo, ndi kapu ya tiyi wozizira imene inali pambali pa mulu wa mapepala. Kenako analoza mwaulemu, ndi dzanja lonse.

"Makina akuti munalemba ndinu."

Makiyi anagwa pansi. Maso a a Tsimikizani anathawira ku kabati yapakona, kumene mitu iwiri yokha inkagona mufayilo yobiriwira. Mtima unawawa ndithu, ndipo anakhalanso pampando.

"Wakutuma ndani? Mkulu wa dipatimenti eti? Akufuna andiseke?"

"Ayi. Makina."

"Buku limenelo kulibe."

"Munabwereketsa?"

"Sindinabwereketse."

"Linatayika? Pepani."

"Sindinalembe!"

Mtsikanayo anagwira pakamwa. "Ndiye analemba wina, inu n'kungoikapo dzina? Si zimene munatiletsa zija?"

"Palibe wandilembera kanthu ine. Ndikuti sindinalimalize."

"Makina akuti munamaliza."

"Ndiye ukhulupirira makina kapena ine?"

"Munati tisamakhulupirire aliyense tisanaone, ngakhale inu amene."

Zimenezonso anazinenadi, tsiku lina atakhuta. A Tsimikizani anayamba kuona kuti mdani wawo wamkulu muofesimo anali pakamwa pawo pomwe.

"Chabwino. Ukufuna uone chiyani? Buku loti kulibe ungalione bwanji?"

"Mundionetse pamene palibepo."

A Tsimikizani anadzuka mokwiya, n'kutsegula kabati, n'kuponya fayilo ija patebulo. Fumbi linati fuu. Mtsikanayo anaitsegula ndi zala ziwiri, n'kuwerenga mitu mosathamanga, mpaka anafika patsamba limene linali ndi mawu akuti "Mutu 3" pamwamba, ndipo kunsi kwake kunali mbee.

"Zoonadi," anatero. "Ananama. Chonsecho akuti mutu wachitatu ndiwo mtima wa buku lonse."

"Akuti chiyani?"

"Akuti aliyense wophunzira za nthaka ayambire pamenepo."

A Tsimikizani anakhosomola, n'kukonza tayi yomwe inali yokonzeka kale.

"Zabodza zimenezo."

"Ndiye ndilembe kuti mlembi walikana buku lake?"

"Usalembe zimenezo, iwe! Lemba kuti makina anakutchulira buku, unafufuza, ndipo wapeza kuti n'lopeka."

"Ndatsimikiza kwa ndani?"

"Kwa ine."

"Ndilembenso za tsamba lopanda kanthuli?"

"Ukangolemba, ubwereza zaka ziwiri."

Mtsikanayo anatsegula chikwama n'kutulutsa asayimenti yonse, yotayipa bwino, yomanga kale ndi kapini. Inangotsala mzere umodzi wokha. Anawerama pakona pa tebulo, n'kudula dzina la buku lija ndi cholembera, n'kulemba m'mphepete monga anamuuzira.

"Ntchito yonseyi inali yotha?" anafunsa a Tsimikizani. "Ukanabwereza chaka chifukwa cha mzere umodzi?"

"Munati chilichonse."

A Tsimikizani anailandira n'kuiika pamwamba pa mulu. Anayang'anamo pang'ono, ndipo ngakhale sanafune kuonetsa, anakondwera: mwanayo anali atafotokoza mwatsatanetsatane pamene makina anamuthandiza ndi pamene anaganiza yekha. Mtsikanayo anapuma mozama, anathokoza, n'kulunjika kukhomo.

"Taima kaye."

Anaima, dzanja lili pachitseko.

A Tsimikizani anasuzumira m'khonde ngati mukubwera munthu, n'kutsitsa mawu.

"Mutu wachitatuwo... akuti ndinalembamo zotani?"

Mtsikanayo anatulutsa foni m'chikwama.

"Ndiwafunsa, aphunzitsi. Koma zimene anenezo mukatsimikize kwa mlembi wake."